Kajambulidwe ka thupi la mzimayi: muyeso wa ziwalo ndi zimene chitenge chimabisa

Pafupifupi mlungu uliwonse pamabwera munthu ndi pepala m'manja, kaya ndi mnyamata wa ku Matero mu Lusaka muno amene amajambula zikwangwani za masaluni, kaya ndi mtsikana wophunzira utelala ku Kamwala amene akufuna kuona diresi papepala asanadule nsalu, ndipo funso lawo limakhala limodzimodzi: “Aphunzitsi, nkhope ndimaitha bwinobwino, nanga bwanji ndikajambula mzimayi thupi lonse amaoneka ngati chidole?” Funsoli ndaliyankha pakamwa kambirimbiri mpaka ndinayamba kuiwala zimene ndauza uyu ndi zimene ndauza uyo, choncho ndaganiza zolemba yankho lonse kamodzi kuti wofunsa mawa ndizingomulozera pano.

Ambiri mwa amene amandionetsa ntchito yawo ali ndi dzanja labwino. Amadziwa kupaka mthunzi, tsitsi loluka amalijambula chingwe ndi chingwe, ndipo maluwa a pachitenge amawatsanzira osaphonya ngakhale tsamba limodzi. Koma chithunzicho chimakhala chikomekome cha mkuyu, chifukwa m'kati mwake mulibe mafupa ochirikiza thupi, moti munthu wojambulidwayo akanati atsike papepalapo n'kuima pansi, akanagwa nthawi yomweyo. Cholinga cha malangizo ali m'munsiwa n'chakuti mzimayi amene mwamujambulayo athe kuima.

Zipangizo zake sizifuna ndalama zambiri. Pezani pensulo ya HB yoyambira mizere yopepuka, ina ya 2B yotsindikira, labala, ndi mapepala ambiri otchipa amene simungawamvere chisoni mukawawononga. Makala a pambaula amalemba bwino panyuzipepala zakale, ndipo ndi abwino pophunzira chifukwa salola kuti muzitanganidwa ndi tinthu ting'onoting'ono. Onjezeranipo ulusi wotalika ngati mkono wanu, mumangirire kiyi kunsonga kwake kuti uzilendewera mowongoka ngati chingwe cha amisiri omanga nyumba. Ntchito yake muiona tikafika pa gawo 6.

1. Pezani mutu weniweni, chifukwa ndiwo muyeso wa thupi lonse.

Ojambula sayeza thupi ndi masentimita koma ndi mutu wa munthu yemwe akumujambulayo. Tikanena kuti “mutu umodzi” tikutanthauza mtunda wochokera pansi pa chibwano kufika paliwombo, pamwamba penipeni pa chibade. Apa ndi pamene ambiri mu Lusaka muno amalakwira asanapite n'komwe patali, chifukwa azimayi athu kawirikawiri amakhala atamanga duku, atavala wigi, kapena ataluka tsitsi lounjikidwa pamwamba. Mukayeza kuchokera pachibwano kufika pamwamba pa duku, muyeso wanu ukula, ndipo cholakwacho muchibwereza kasanu ndi kawiri potsika ndi thupi.

Chibade chobisikacho mungachipeze motere. Maso a munthu wamkulu amakhala pakati pa mutu, osati kumtunda monga mmene ana amajambulira. Yezani kuchokera pachibwano kufika m'maso, kenako muonjezere mtunda womwewo pamwamba pa maso, ndipo pamene mwafikapo ndiye pothera mutu. Zonse zopitirira pamenepo ndi tsitsi kapena nsalu. Nsapato zazitali zidendene nazonso muzizichotsa m'maganizo mukamawerenga msinkhu.

Poyeza munthu amene waima patsogolo panu, tambasulani mkono wonse, tsinzinani diso limodzi, nsonga ya pensulo ilunjike paliwombo pake, ndipo chala chanu chachikulu chitsike papensuloyo mpaka chilunjike pachibwano. Osasuntha chalacho, tsitsani pensulo ndi kuwerenga kuti muyesowo ukulowa kangati mpaka pansi. Mukapinda chigongono ngakhale pang'ono, kapena mukasuntha pamene mwakhala, muyeso wasintha ndipo muyenera kuyambiranso.

2. Werengani mitu ya munthu amene mukumuona, osati chiwerengero chimene munamva.

Mabuku ambiri ndi makanema a pa YouTube amaphunzitsa kuti thupi ndi mitu 8. Chiwerengerochi n'chakalekale. Vitruvius, katswiri wa zomangamanga wa ku Rome amene anakhalako Yesu asanabadwe, analemba kuti mutu ndi gawo limodzi mwa magawo 8 a msinkhu wa munthu, ndiponso kuti munthu akatambasula mikono yonse iwiri, mtunda wochokera kunsonga ya chala kufika kunsonga inayo umafanana ndi msinkhu wake. Leonardo da Vinci anajambula mfundo zimenezi cha m'ma 1490 pa chithunzi chotchuka chija cha munthu woima m'kati mwa mzere wozungulira. Koma wojambulidwa pamenepo ndi mwamuna, ndiponso ndi munthu wa m'maganizo, osati amene mungakumane naye mu Cairo Road. Anthu enieni ambiri amakhala pakati pa mitu 7 ndi mitu 7 ndi theka. Mwachitsanzo, mzimayi wotalika masentimita 160 amene mutu wake ndi masentimita 22 safika n'komwe pa mitu 7 ndi theka.

Ojambula mafashoni amakoka thupi mpaka mitu 9 kapena kuposerapo kuti diresi lioneke lotsetsereka, ndipo osema ziboliboli a ku Kabwata Cultural Village nthawi zina amakulitsa mutu kapena kutalikitsa khosi mwadala. Onsewa amadziwa muyeso weniweni umene akuupatuka. Inu amene mukuphunzira yambani ndi mitu 7 ndi theka.

Papepala la A4, limene kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 30, mutu wa masentimita 3 ndi theka ukupatsani thupi la masentimita 26 ndi pang'ono, kotero kuti mapazi akwana. Musanajambule kalikonse, ikani kadontho pamene pakhale liwombo ndi kena pamene pakhale zidendene. Munthu amene amayamba ndi kukongoletsa nkhope ndi yemwe amafika kumapeto kwa pepala akadali m'mawondo, kenako n'kufinya miyendo kuti ikwane, ndipo chidole chija chimabadwira pomwepo.

3. Ikani zizindikiro zikuluzikulu potsika ndi thupi.

Choyamba ndi pakati. Pakati pa msinkhu wa munthu wamkulu si pamchombo ayi, koma pafupi ndi fupa la pachinena, pamwamba pang'ono pa pamene miyendo imagawanikira. Izi zikutanthauza kuti miyendo imatenga pafupifupi theka la munthu yense, ndipo ophunzira ambiri sakhulupirira zimenezi mpaka atayeza okha. Mchombo umakhala cha pa mutu wachitatu kuchokera pamwamba. Pansi pa bondo pamakhala mitu 2 kuchokera pansi. Mikono ikalendewera, chigongono chimalingana ndi pothera nthiti, mfundo ya dzanja imalingana ndi pamene miyendo imagawanikira, ndipo nsonga za zala zimafika cha pakati pa ntchafu. Imirirani muyese pathupi panu musanapitirire kuwerenga.

Mabuku ambiri amaika nsonga za mabere pa mutu wachiwiri, koma ine sindilangiza kudalira chizindikiro chimenechi, chifukwa mabere amasiyana kwambiri malinga ndi zaka za munthu, kuyamwitsa, ndi chovala cham'kati chimene wavala tsikulo. Dalirani mafupa amene amaonekera pakhungu: kadzenje ka pansi pa khosi pamene mafupa awiri opingasa amakumana, nsonga za mapewa, zigongono, nsonga ziwiri zakutsogolo za mafupa a m'chiuno, mawondo ndi akakolo. Zimenezi zimakhala pamalo pake kaya munthu anenepe kaya aonde.

4. Yezani m'lifupi, ndipo musiyanitse ziuno ziwiri.

M'chinenero chathu mawu akuti chiuno amaimira malo awiri, ndipo zimenezi zimasokoneza pophunzitsa. Pali pamene thupi limapyapyala pansi pa nthiti, ndiponso pali pamene limatakata, pomwe ntchafu zimayambira. Telala aliyense amayeza malo awiriwa padera, ndipo inunso muzitero. M'malangizo ano ndiziti “popyapyala” ndi “potakata”.

Mwa azimayi ambiri mapewa amatakata mutu umodzi ndi theka kapena kupitirira pang'ono, ndipo potakata pamafanana ndi mapewawo kapena kuwaposa. Mwa amuna ambiri mapewa ndi amene amaposa. Kusiyanaku kumachokera m'mafupa: nthiti za mzimayi zimakhala zocheperako, pamene mafupa a m'chiuno amakhala otakata ndi aafupi chifukwa ndimo mumadutsa mwana pobadwa. Mafuta nawonso mwa azimayi amakonda kukhala m'ntchafu ndi m'matako. Chenjerani ndi malo amene mukuika potakata, chifukwa ophunzira amapakweza kwambiri. Sipakhala pamene timaika manja tikagwira m'chiuno, koma m'munsi mwake, pa nyung'unyu, pamene nsonga yapamwamba ya fupa la ntchafu imatulukira m'mbali, pafupi ndi pakati pa thupi paja kapena kutsikirapo pang'ono.

Cholakwa china ndi kuning'itsa popyapyala ngati mavu, chimene ambiri amachitengera kumakatuni. Gwirani m'mbali mwanu mumve kuti pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno pali mpata wa zala zochepa chabe, ndipo mumpata womwewo muyenera kukwana msana, matumbo ndi minofu. Komanso musaumirire pa thupi la mtundu umodzi. Albrecht Dürer, wojambula wa ku Nuremberg ku Germany, amene zolemba zake zokhudza miyeso ya thupi zinasindikizidwa mu 1528, sanakhutire ndi muyeso umodzi koma anajambula amuna ndi akazi onenepa ndi owonda, aafupi ndi aatali. Mukakhala ola limodzi pa City Market muona mitundu yoposa imene iye anajambula.

5. Mangani thunthu la thupi ndi zinthu ziwiri zolimba.

Musayambe ndi mzere wa m'mphepete mwa thupi. Yambani ndi nthiti, zimene muzizijambula ngati dzira losongokera kumwamba, loyambira pa kadzenje ka pansi pa khosi ndi kuthera pamwamba pang'ono pa mchombo. M'munsi mwake jambulani mafupa a m'chiuno ngati beseni, lakuya pafupifupi mutu umodzi. Dzira ndi beseni sizipindika. Chimene chimapindika, kupotoka ndi kufinyika ndi gawo lofewa la pakati pake.

Mukamuona munthu cham'mbali muzindikira kuti ziwirizi sizisanjikizana mowongoka ngati njerwa. Dzira limatsamira kumbuyo kumtunda kwake, beseni limapendekera kutsogolo ngati mukutaya madzi pang'onopang'ono, ndipo khosi limaweramira kutsogolo. Kupendekeka kosinthanaku ndi kumene kumabweretsa kukhota kwa msana ndi kutuluka kwa matako. Amene sadziwa zimenezi amajambula msana wowongoka ngati mtengo wa magetsi kenako n'kumata matako kumbuyo kwake, ndipo aliyense amaona kuti n'zomata ngakhale sangathe kufotokoza chifukwa chake.

6. Pezani mwendo umene wanyamula thupi.

Gawo ili ndilo limene malangizo ambiri amalilumpha. Amakupatsani chithunzi cha munthu woima njo, miyendo yonse iwiri yolimba mofanana, mizere yopingasa itadulidwa bwinobwino, kenako amakusiyani. Koma munthu amaima choncho poimba nyimbo ya fuko basi. Pitani pa Kulima Tower muone azimayi amene akudikira basi, ndipo mupeza kuti pafupifupi aliyense watsamiritsa thupi lonse pa mwendo umodzi pamene winawo ukupuma. Ojambula a ku Italy kaimidwe kameneka anakatcha contrapposto, koma dzinalo si lofunika kwenikweni; chofunika ndi kudziwa zimene zimachitika m'thupi.

Tiyerekeze kuti mzimayi waima pa mwendo wamanja. Mwendowo umawongoka ndi kulimba. Beseni lija limakwera mbali yamanja ndi kukankhikira kunja, pamene mbali yamanzere, popeza yasowa chochirikiza, imatsika. Kuti munthuyo asagwe, dzira la nthiti limapendekera mosiyana ndi beseni, ndiye kuti phewa lamanja limatsika pamene lamanzere likukwera. Mukalemba mzere wodutsa m'mapewa ndi wina wodutsa m'chiuno, mizere iwiriyo imayandikizana kumanja ndi kutalikirana kumanzere. Chifukwa cha chimenechi mbali yamanja ya thunthu imafinyika mpaka kupanga khwinya popyapyala, pamene mbali yamanzere imatambasuka n'kukhala mzere umodzi wautali. Bondo lamanzere limapindika ndipo limatsika kuposa lamanja, chifukwa nyung'unyu imene lalumikizikako yatsika.

Tsopano tengani ulusi uja wa kiyi. Ugwireni patsogolo panu, mutsinzine diso limodzi, ndipo muulunjikitse pa kadzenje ka pansi pa khosi la munthu amene mukumujambulayo. Mudzaona kuti ulusiwo ukutsikira pa kakolo wam'kati wa mwendo umene wanyamula thupi. Ngati munthuyo waima pa miyendo yonse iwiri mofanana, ulusi utsikira pakati pa mapazi. Ine mwa zonse zimene ndimaphunzitsa, mfundo iyi ndi imene imasintha ntchito ya wophunzira tsiku lomwelo.

Papepala tsatirani ndondomeko iyi osaisintha. Ikani kadontho ka pansi pa khosi, ndipo kuchokera pamenepo tsitsani mzere wowongoka wopepuka mpaka pansi. Pamene mzerewo wathera ikani phazi lonyamula thupi, musanajambule mwendo n'komwe. Kenako pendeketsani beseni, mbali yonyamula ikwere ndi kutulukira kunja. Mukatero lumikizani nyung'unyu yokwerayo ndi phazi lija, ndipo muona kuti mwendowo sutsika mowongoka koma umalowera m'kati. Fupa la ntchafu mwa anthu onse limachokera kunja pa nyung'unyu kulowera m'kati pa bondo, ndipo mwa azimayi kupendekaku kumaonekera kwambiri chifukwa beseni ndi lotakata. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kutsitsa mwendo wonyamulawo mowongoka kuchokera pa nyung'unyu, moti phazi limathera kunja kwa mzere wa khosi ndipo munthuyo amaoneka ngati akugwera mbali inayo. Mukamaliza mwendo wonyamula, pendeketsani mapewa mosiyana ndi beseni. Mwendo wopuma ujambuleni pomaliza, chifukwa uwo ungathe kupita kutsogolo, m'mbali kapena kumbuyo popanda kugwetsa munthu.

Ngati zimenezi zikukuvutani kuziona pa munthu wina, imani patsogolo pa galasi lalitali, muike zala pa nsonga ziwiri zakutsogolo za mafupa a m'chiuno mwanu, ndipo musinthe mwendo woimira kangapo. Chala chimodzi chizikwera china chikutsika. Ngakhale mutakhala mwamuna phunziro lake ndi lomwelo, kungoti mwa mzimayi kupendekaku kumaoneka kokulirapo.

7. Phunzirani kuona miyendo kupyola chitenge.

Malangizo olembedwa kunja amaganiza kuti mawondo ndi ntchafu za munthu wanu zikuoneka. Kwathu kuno mzimayi amene mudzamujambule kwambiri ndi womanga chitenge, nsalu ya pafupifupi mamita 2 imene imabisa zonse kuyambira popyapyala mpaka mu akakolo, ndiye kuti imabisa gawo lenileni limene tangolifotokoza. Ophunzira amasangalala nazo poganiza kuti ntchito yachepa, ndipo amajambula paipi ya maluwa n'kuika mapazi awiri pansi pake.

Ndinachitapo zimenezi ndili mnyamata, pa chikwangwani cha shopu ina yogulitsa nsalu. Nditamaliza ndinaima patali ndikunyadira, ndipo mayi wina wachikulire amene ankagulitsa ndiwo zamasamba pafupi anayang'ana kwa kanthawi n'kufunsa kuti, “Mwanangu, mayi ameneyu anathyoka mwendo liti?” Phazi lamanzere linali litatulukira pamalo pamene mwendo wochokera m'chiuno chimenecho sukanafika. Kuyambira tsiku limenelo ndimajambula miyendo yonse iwiri mopepuka, kuchokera pa nyung'unyu kudzera pabondo mpaka paphazi, kenako ndi pamene ndimaiveka chitenge.

Chitenge chimabisa, koma chimaululanso kwa amene akudziwa poyang'ana. Mzere wake wapamwamba umapendekeka limodzi ndi beseni, choncho mbali imene wakwera ndiyo ya mwendo wonyamula, ngakhale muyenera kusamala chifukwa ena amamanga chitenge pamwamba kwambiri, pafupi ndi nthiti. Mpendero wapansi kawirikawiri nawonso umakwera mbali yomweyo. Bondo lopuma limatukula nsalu kutsogolo ngati kachulu, ndipo kachulu kameneka ndiye chizindikiro chanu cha pamene pali bondo. Makwinya a nsalu sangoyenda chisawawa: amachokera pamalo pamene nsalu yakokeka, monga pa nyung'unyu yokwera, pa bondo lopindika ndi pamene chitenge chapisidwa, kenako amamwazikana potsika. Pamene nsalu yagwira thupi pamakhala posalala, ndipo pamene yalendewera m'malere ndi pomwe pamakhala makwinya akuya. Maluwa ndi mizere ya pansalu muzijambula pomaliza penipeni, ndipo zizikhota motsata kuzungulira kwa ntchafu, zizifinyika zikamapita m'mphepete. Duwa lojambulidwa lathunthu m'mphepete mwa thupi limaphwatalitsa chithunzi chonse.

Katundu amasintha kaimidwe, ndipo zimenezinso simudzazipeza m'mabuku ambiri. Mzimayi wodendekera beseni la tomato pa nkhata amawongola khosi ndi msana, mutu sugwedezeka, ndipo katunduyo, khosi ndi phazi loponda zimakhala pa mzere umodzi. Poyenda, chimene chimasuntha kwambiri ndi chiuno. Wobereka mwana kumbuyo amaweramitsa thunthu kutsogolo pang'ono kuti alingane ndi kulemera kwa kumbuyo, nsalu yomangidwa pachifuwa imapanikiza mabere, ndipo timapazi ta mwana timatulukira mbali zonse ziwiri za popyapyala. Kumbukirani kuti mwana wa chaka chimodzi ndi wa mitu pafupifupi 4 yokha, choncho mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake. Wonyamula chigubu cha malita 20 ndi dzanja limodzi wanyamula makilogalamu 20, ndipo thunthu lake limapendekera mbali inayo pamene mkono wopanda katundu ukutambasukira kunja. Woyembekezera amatsamira kumbuyo. Kupatula wodendekera uja, pa zonsezi ulusi wanu sutsikanso kuchokera pakhosi ndendende, koma kuchokera pakati pa kulemera kwa munthu ndi katundu wake pamodzi, ndipo pamene watsikira payenera kukhala phazi.

8. Malizani mikono, manja ndi mapazi popanda kuzichepetsa.

Ambiri amachepetsa manja ndi mapazi pofuna kuti chithunzi chioneke chachikazi. Dzanja, kuchokera pamfundo kufika kunsonga ya chala chapakati, limatalika pafupifupi ngati nkhope kuchokera pachibwano kufika pamphumi. Phazi limatalika ngati mutu kapena kupitirira pang'ono. Mkono ukalendewera chikhatho chitayang'ana kutsogolo, gawo la m'munsi mwa chigongono limapatukira kunja pang'ono. Kakolo wam'kati amakhala pamwamba kuposa wakunja. Khosi la mzimayi ndi locheperako poyerekeza ndi la mwamuna, koma si ndodo, ndipo limatsetserekera m'mapewa ndi minofu.

9. Ikani mnofu pomaliza.

Mabere amakhala pamwamba pa dzira la nthiti, ndipo popeza dziralo ndi lozungulira, amayang'ana kunja pang'ono, osati kutsogolo onse awiri ngati magetsi a galimoto. Pakati pawo pamakhala mpata pa fupa la pakati pa chifuwa. Kumtunda amatsetsereka pang'onopang'ono, kulemera kwake kumakhala m'munsi, ndipo m'mbali amalumikizana ndi mnofu wopita m'khwapa, n'chifukwa chake mkono ukakwezedwa bere la mbali imeneyo limakweranso. Mapewa akapendekeka, mabere amapendekeka nawo limodzi. Pamimba musaphwatalitse ngati thabwa, chifukwa pansi pa mchombo pamakhala potukuka pang'ono ngakhale mwa munthu wowonda. Mzere wa m'mphepete mwa thupi, umene ambiri amayamba nawo, ndi pano pamene mukuyenera kuulemba, ukutsata zimene mwamanga m'kati.

10. Pezani poonera, pemphani chilolezo, ndipo yesani ntchito yanu.

Munthu wamoyo amaposa chithunzi cha pafoni. Kamera ya foni ikakhala pafupi ndi munthu, pa msinkhu wa nkhope, imakulitsa mutu ndi kufupikitsa miyendo, ndipo mukatsanzira chithunzi chotere mutsanzira cholakwa chake. Ngati mukujambula ndi foni, bwererani m'mbuyo mamita 3 kapena 4 ndipo muigwire pa msinkhu wa chiuno cha munthuyo. Pofuna kuona mmene ntchafu, mawondo ndi mapewa a mzimayi zimagwirira ntchito popanda kuchititsa wina manyazi, onerani masewera. Kanema wa Copper Queens, timu ya mpira ya azimayi ya dziko la Zambia, amene anasewera mu World Cup ya 2023, mungamuimitse paliponse pamene wosewera waponda ndi mwendo umodzi pomenya mpira, ndipo zonse za gawo 6 ziri pomwepo poyera. Chithunzi cha mafupa cha m'buku la sayansi la kusekondale nachonso n'chokwanira kuphunzirira dzira ndi beseni. Kuti muone mmene ojambula a kwathu kuno athetsera nkhani ya chitenge ndi katundu, pitani ku Henry Tayali Art Centre mu Showgrounds kapena ku Lusaka National Museum pa Independence Avenue, ndipo muziyang'ana mapazi musanayang'ane nkhope.

Wokuimirirani akhale munthu wamkulu amene wavomera, monga mlongo wanu, azakhali kapena mnzanu wa m'kalasi, ndipo avale zimene iye mwini ali womasuka nazo. Pamsika musamangoyang'anitsitsa mzimayi ndi pensulo m'manja, chifukwa mudzatukwanidwa ndipo mudzakhala mutaziyamba nokha. Perekani moni, gulani kanthu, kenako nenani kuti, “Amayi, ine ndikuphunzira kujambula, kodi mungandilole ndikujambuleni mukugulitsa? Ndikamaliza ndikuonetsani.” Akakana, thokozani ndi kupita kwina. Pa siteshoni ya basi, pamene anthu sakhalitsa malo amodzi, jambulani tizithunzi ta masekondi 30 topanda nkhope: kadontho ka khosi, mzere wotsika, mapewa, beseni ndi miyendo. Tizithunzi 20 totere tsiku lililonse kwa mwezi umodzi tikuthandizani kuposa chithunzi chimodzi chopakidwa mthunzi kwa mlungu wathunthu.

Musanapake mthunzi, yesani chithunzi chanu m'njira zitatu. Chitembenuzeni chadodolido, kapena muchione pagalasi, chifukwa diso limene lazolowera cholakwa limachiona msanga chithunzi chikatembenuka. Kenako werenganinso mitu ndi kuona ngati pakati pa thupi pakadali pamalo pake. Pomaliza phimbani nkhope ndi chala, muonetse munthu wosadziwa kujambula, ndipo mumufunse kuti mzimayiyu waima pa mwendo uti. Akaloza mosazengereza, tengani 2B muyambe mthunzi. Akayamba kupendeketsa mutu uku ndi uku, musavutike ndi labala. Tengani pepala lina mubwerere ku gawo 6.